Kazembe Akalemba Zowawa, Aphungu Achite Naye Chiyani?

Ambiri mwa ife tikamva mawu akuti kazembe, m'maso mwathu mumabwera galimoto yakuda ya kambendera kutsogolo, suti yositidwa bwino ndi madyerero a madzulo m'mahotela. N'chifukwa chake m'kalasi mwathu, mwa ife amene tikuphunzira za ndale ndi ubale wa mayiko, simulephera kupezeka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi olota ntchito imeneyi. Koma ntchito yeniyeni ya kazembe siionekera pagulu. Iye amakhala pansi n'kulemba lipoti lopita kwawo, kufotokoza zimene maso ake aona ndi zimene makutu ake amva m'dziko limene anatumidwako. Nthawi zina zimene walembazo zimawakomera akuluakulu akwawo. Nthawi zambiri siziwakomera.

Tsono funso limene landisowetsa tulo semesita ino ndi ili: nyumba ya malamulo, imene imavomereza akazembe ndi kupereka ndalama zoyendetsera maofesi awo, ichite naye chiyani kazembe amene walemba zowawa? Yankho langa n'lakuti aphungu amupanikize ndithu pa nkhani ya ndalama, pa luso lake ndi pa khalidwe lake. Koma akayamba kumulanga chifukwa cha zimene anaona n'kunena, dzikolo likudzikolowola lokha maso. Nkhani imene inandifikitsa pa maganizo amenewa ndi ya ku America, ndipo ndi yakale, koma pirirani nane, ifika kwathu.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, America inali pa mgwirizano ndi boma la China lotsogoleredwa ndi Chiang Kai-shek, onse akulimbana ndi Japan. Koma m'kati mwa China momwemo munali udani wina wakale. Chipani cha Chiang cha Kuomintang sichinkaonana bwino ndi achikomyunizimu a Mao Zedong, amene anali atakhazikitsa likulu lawo ku Yan'an, kumpoto kwa dzikolo. America inali ndi kagulu ka anthu ogwira ntchito za ukazembe amene ankalidziwa dziko la China ngati kwawo. Mmodzi wa iwo, John Stewart Service, anabadwira ku Chengdu mu 1909, kumene makolo ake ankagwira ntchito ku bungwe la YMCA. Mnzake John Paton Davies anabadwa mu 1908 m'chigawo chomwecho cha Sichuan, mwana wa amishonale. Panalinso John Carter Vincent ndi O. Edmund Clubb. Anthu amenewa ankalankhula Chitchaina, ndipo ankatha kucheza ndi mlimi, msilikali kapena mphunzitsi popanda womasulira.

Mu Julayi 1944, America inatumiza kagulu ka asilikali ndi akatswiri ku Yan'an kuti kakaone mmene achikomyunizimu ankakhalira. Service anali m'kagulu kameneko, ndipo anacheza ndi Mao kwa maola ambiri. Davies naye anakafikako chaka chomwecho. Malipoti amene anthu awiriwa ankatumiza ku Washington ankanena zinthu zosavuta kumva koma zovuta kumeza. Ankati boma la Chiang ladzala ndi katangale, ndalama yake ikutha mphamvu tsiku ndi tsiku, asilikali ake akufa ndi njala, ndipo anthu akumudzi alitaya. Ankatinso achikomyunizimu ali ndi mwambo, alimi ambiri ali pambuyo pawo, ndipo nkhondo yapachiweniweni ikadzabuka, iwo ndi amene adzapambane. Langizo lawo linali lakuti America isamangirire tsogolo lake lonse pa Chiang.

Mawu amenewa sanamusangalatse Patrick Hurley, amene anakhala kazembe wamkulu wa America ku China kumapeto kwa 1944. Iye anali kumbali ya Chiang kwathunthu, ndipo mu 1945 anachititsa kuti ena mwa anthuwa achotsedwe ku China. Atatula pansi udindo mu Novembala 1945, ananena poyera kuti ogwira ntchito za ukazembe ndi amene ankamusokoneza pokondera achikomyunizimu. Mbewu ya chikayiko inafesedwa pamenepo.

Kenako zimene Service ndi Davies ananena zinachitika. Pa 1 Okutobala 1949, Mao analengeza boma latsopano ku Beijing, ndipo Chiang anathawira pachilumba cha Taiwan. Ku Washington andale anayamba kufunsana kuti ndani wataya China, ngati kuti dziko la anthu oposa 500 miliyoni linali mbuzi ya m'khola mwawo imene mbusa wina wasiya chitseko chosatseka. Pamene anthu akufuna wina woti amuloze chala, amene ananeneratu za tsokalo ndiye amakhala pafupi. Anadziwa bwanji ngati sanali nawo m'chiwembu?

Pa 9 Febuluwale 1950, Joseph McCarthy, phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku Wisconsin, analankhula mu mzinda wa Wheeling ku West Virginia, n'kunena kuti ali ndi mndandanda wa achikomyunizimu 205 ogwira ntchito ku State Department, womwe ndi unduna wawo woona za mayiko akunja. Pasanathe masiku, nambala ija inasanduka 57, kenako 81. Senate inakhazikitsa komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Millard Tydings, ndipo lipoti lake la mu Julayi 1950 linati zonena za McCarthy zinali chinyengo chabe. Mukadaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi. Mu Novembala chaka chomwecho Tydings anagonja pa chisankho ku Maryland, McCarthy atathandiza nawo kampeni yomugwetsa. Aphungu ena onse anaphunzirapo phunziro: kuteteza akazembe kumachotsetsa mpando, kuwaukira kumabweretsa mavoti. Chaka chotsatira komiti ina ya Senate, ya Pat McCarran, inapitiriza kuwaitana ndi kuwafunsa mafunso okhala ndi yankho kale.

Taonani mmene anathera anthu aja. Service anafufuzidwa kangapo n'kupezeka wosalakwa, komabe mu Disembala 1951 nduna Dean Acheson inamuchotsa ntchito, bungwe lina la boma litanena kuti pali chikayiko pa kukhulupirika kwake. Munthu wodziwa China chotere anakapezeka akugwira ntchito pa kampani ya zipangizo za mapaipi a nthunzi ku New York. Mu 1957 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti anachotsedwa mosatsata malamulo, ndipo anabwerera pantchito, koma sanamupatsenso chilichonse chokhudza China. Anamutumiza ku kaofesi ka ku Liverpool mpaka anapuma mu 1962. Clubb anasiya ntchito mu 1952. Vincent anakakamizidwa kupuma mu 1953. Davies anafufuzidwa kasanu ndi kanayi, osapezeka ndi mlandu wa ukazitape, koma mu Novembala 1954 nduna John Foster Dulles inamuchotsabe, ati chifukwa kaganizidwe kake sikanali kodalirika. Anakakhala ku Lima m'dziko la Peru, n'kumapanga mipando ndi matebulo. Patangotha mwezi umodzi, pa 2 Disembala 1954, Senate inamudzudzula McCarthy ndi mavoti 67 kwa 22. Koma madzi anali atatayika kale.

Zindikirani kuti Senate sinachotse munthu ntchito ndi dzanja lake. Inalibe mphamvu imeneyo. Inangopanga phokoso lokwanira kuti nduna ziziona kuti kusunga anthuwa n'kodula kuposa kuwataya. Umu ndi mmene nyumba ya malamulo imapwetekera akazembe: siifunika kupambana mlandu, imangofunika kuipitsa dzina pagulu, kamera zikujambula.

Chimene chimandiwawa kwambiri si tsoka la anthu anayiwa, ngakhale linali lalikulu. Ndi zimene anaphunzira amene anatsala m'maofesi. Mu Januwale 1954, akazembe asanu opuma pantchito analemba kalata ku nyuzipepala ya New York Times kuchenjeza kuti ogwira ntchito ayamba kulemba malipoti ozembazemba, osaima mbali iliyonse, poopa kuti chilungamo chimene alemba lero chidzawasandukira mlandu mawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Wachinyamata aliyense woyamba ntchito anaona kuti njira ya chitetezo ndi kulemba zimene akuluakulu akufuna kumva, ndiponso kuthawa desiki ya Asia.

Patatha zaka khumi, America inalowa m'nkhondo ya ku Vietnam. Asilikali ake oposa 58,000 anafera kumeneko, ndipo anthu a ku Vietnam amene anafa anaposa miliyoni imodzi. Robert McNamara, amene anali nduna ya zachitetezo pa nthawiyo, analemba m'buku lake la mu 1995 lotchedwa In Retrospect kuti boma linalibe akatswiri odziwa dera limenelo oti liwafunse nzeru, chifukwa odziwa kwambiri anali atachotsedwa m'nyengo ya McCarthy. Ena amati McNamara ankangofuna podzikhululukira, ndipo mwina n'zoona, pakuti anthu ochenjeza analipo ndithu. Koma ngakhale zikhale choncho, mfundo ija siigwa. Boma limene laphunzitsa antchito ake kuti chilungamo chimachotsetsa ntchito lisadabwe tsiku limene lidzafune chilungamocho n'kupeza onse ali chete.

Khalidwe limeneli ndinalionapo ndi maso anga, pa zinthu zazing'ono. Chaka chatha ndinali pa maphunziro a pantchito ku bungwe lina limene linkayendetsa pulojekiti ya mijigo m'midzi. Titayendera midzi ingapo tinapeza kuti mijigo yambiri inafa kalekale, ndipo amayi anabwerera kukatunga kudambo. Tinalemba zimenezo mmene zinalili. Mayi wina amene wakhala pamalopo zaka zambiri anawerenga, n'kundiuza mwachifundo kuti, "Mwana wanga, lipoti lotere silidutsa pano. Amene analemba chotere ulendo watha kontirakiti yake sinawonjezeredwe." Analitenga n'kulikonza yekha, ndipo limene linapita kwa akuluakulu linkati pulojekiti ikuyenda bwino ngakhale pali zovuta zina ndi zina. Mayiwo sanali munthu woipa. Anali ndi ana kusukulu. Palibe bwana amene anawalamula kuti aname. Chinangofunika ndi chitsanzo chimodzi cha munthu amene analangidwa. Ngati mantha angathe kusintha lipoti la mijigo, kuli bwanji lipoti lonena kuti mtsogoleri amene boma lanu likumukonda watsala pang'ono kugwa?

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene sindikufuna kuibisa. Akazembe sasankhidwa ndi anthu. Aphungu ndiwo amasankhidwa. Kazembe amadya misonkho ya mayi wogulitsa tomato pamsika, ndipo mayiyo ali ndi ufulu, kudzera mwa phungu wake, wofunsa kuti ndalama yake ikugwira ntchito yanji. Komanso mantha a ku America sanali opanda maziko konse. Akazitape a Soviet Union analipo m'boma, ndipo Alger Hiss, yemwe kale anali mkulu ku State Department, anapezeka wolakwa pa mlandu wonama atalumbira mu Januwale 1950, patangotsala milungu yochepa kuti McCarthy alankhule ku Wheeling. Service naye sanali mngelo. Mu 1945 anapereka makope a malipoti ake kwa mkonzi wa magazini ya Amerasia, ndipo anamangidwa, ngakhale gulu la nzika lounika milandu linakana kumuzenga. Kumeneko kunali kusasamala, ndipo kumufunsa za nkhani imeneyo kunali koyenera. Ndiponso ena mwa malipoti a anthuwa ankawaona achikomyunizimu ndi diso lachifundo kwambiri. Ulamuliro wa Mao unadzabweretsa njala imene inapha anthu mamiliyoni makumi angapo pakati pa 1959 ndi 1961.

Koma taonani kusiyana kwake. Kufunsa Service kuti n'chifukwa chiyani anapereka zikalata kwa mtolankhani ndi ntchito ya phungu. Kumufunsa kuti umboni wake unali wotani ponena kuti Chiang agonja ndi ntchito ya phungu. Kumuuza kuti popeza unanena kuti Chiang agonja ndiye kuti unkafuna kuti agonje, pamenepo si kufufuzanso, koma kumenya sing'anga chifukwa wapeza matenda. Kazembe akhoza kulakwitsa poweruza, monga munthu wina aliyense, ndipo mankhwala a lipoti lolakwika ndi lipoti lina labwino, osati kutseka pakamwa olemba onse.

Nyumba yomweyo ya Senate inaonetsanso mmene ntchitoyi ingagwiridwire bwino. Mu 1966 komiti yake yoona za mayiko akunja, motsogoleredwa ndi J. William Fulbright, inachititsa zokambirana za nkhondo ya ku Vietnam zimene zinaulutsidwa pa wailesi ya kanema. Inaitana George Kennan, kazembe wakale wodziwika bwino, amene anafotokoza modekha chifukwa chake ankaona kuti nkhondoyo si yanzeru. Aphungu anamufunsa mafunso ovuta, ena anatsutsana naye, koma palibe anamutcha mdani wa dziko. Mu 1971 komiti yomweyo inaitana Service ndi Davies kuti anene maganizo awo pa za China, ndipo mu Febuluwale 1972 Pulezidenti Richard Nixon anapita ku Beijing kukagwirana chanza ndi Mao. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera zaka zoposa 25, ndipo ambiri anafa akudikira.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife. Choyamba, nkhani ya Chiang ndi Mao si yachilendo kwa Amalawi. Dziko lathu linali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, pamene linatembenukira ku Beijing. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan, pamene nyumba imene aphungu athu amakumanamo ku Lilongwe, yotsegulidwa mu 2010, inamangidwa ndi boma la China. Chisankho chachikulu chotere, chosiya bwenzi lina n'kutenga lina, dziko laling'ono ngati lathu limachipanga potengera zimene akazembe ake akuliuza. Akakhala amantha, timasankha mumdima.

Chachiwiri, malamulo athu anawapatsa aphungu mphamvu pa akazembe. Gawo 190 la malamulo aakulu a dziko lino limati Pulezidenti ndiye amasankha akazembe, koma komiti ya nyumba ya malamulo yoona za anthu osankhidwa m'maudindo iyenera kuwavomereza, ndipo ingawafunse za luso lawo ndi za kukhulupirika kwawo pa ndalama. Amene analemba gawo limeneli anasankha bwino mafunso awiriwo. Kodi ntchitoyi ukuidziwa? Kodi manja ako ndi oyera? Sanalembe kuti amufunse ngati adzakhale womvera. Komabe tonse timamva madandaulo, boma lililonse likalowa, akuti maudindo a ukazembe akuperekedwa ngati mphoto kwa omwe anavutikira chipani, ndipo timaona akazembe ambiri akuitanidwa kubwerera boma likasintha. Munthu amene akudziwa kuti mpando wake unachokera ku chipani ndipo udzatha ndi chipanicho, adzalemba lipoti lotani lopita ku Capital Hill? Vuto lathu silofanana ndi la McCarthy, koma mathero ake ndi amodzi: kazembe wongonena zokoma.

Chachitatu, tinaonapo kale mtengo wa kukwiyira lipoti. Mu Epulo 2011 boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yopita ku London itatulukira poyera. M'kalatamo ananena kuti mtsogoleri wathu wayamba kulamulira mwankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Britain nayo inabweza woimira dziko lathu ku London, ndipo mu Julayi chaka chomwecho inaimitsa thandizo lake la ku bajeti, pa nthawi imene mafuta ndi ndalama zakunja zinali zikusowa kale. Apa wothamangitsa anali Pulezidenti, osati aphungu, ndipo wothamangitsidwa anali mlendo. Koma akazembe athu amene anali kunja nthawi imeneyo anaona zimene zimamuchitikira munthu wolemba zowawa. Ndikukhulupirira kuti aliyense wa iwo anayang'ana cholembera chake kawiri.

Ndikadakhala mu komiti ya aphungu ija, wosankhidwa kukhala kazembe ndikadamufunsa zinthu zitatu. Tiuzeni za dziko limene mukupitako zimene sitingazipeze pa intaneti: amagula chiyani kwa ife, andale ake akukangana za chiyani, Amalawi okhala kumeneko akulira ndi chiyani? Tionetseni mmene munasamalira ndalama za anthu pamalo amene munagwirapo kale. Ndipo lachitatu, tiuzeni tsiku limene munauzapo bwana wanu chinthu chimene sankafuna kumva, ndi zimene zinatsatira. Wolephera funso lachitatuli ndikadamukayikira kuposa wolephera loyamba, chifukwa mbiri ya dziko munthu angathe kuiwerenga m'ndege, koma kulimba mtima sikuphunziridwa pa ulendo wa maola khumi. Akavomerezedwa, komiti yoona za ubale ndi mayiko akunja izimuitana chaka ndi chaka, pachipinda chotseka ngati nkhani ndi yachinsinsi, kuti imve zimene akuona, osati kuti ipeze mawu okaponya pa Facebook madzulo ake.

Pakati pa inu amene mukuwerenga pano, ena mudzatumidwa ku Pretoria, ku Beijing kapena ku Brussels. Ena mudzakhala mbali inayo ya tebulo, mutavala baji ya phungu, wosankhidwa atakhala patsogolo panu manja akunjenjemera. Gulu lachiwirili ndi limene ndikulidandaulira kwambiri, chifukwa kulimba mtima kwa kazembe kumadalira pa zimene anaona zikuchitikira mnzake amene analankhula iye asanabwere. Tsiku lina lipoti lidzafika lonena kuti ngongole imene chipani chanu chikuinyadira ndi msampha, kapena kuti bwenzi limene mwalikumbatira latsala pang'ono kugwa. Mudzapsa mtima, ndipo padzakhala mavoti oti mukolole mukamunyoza wolembayo pagulu. Muitaneni, mumufunse mpaka thukuta lituluke, mutsutsane naye ngati muli ndi umboni. Mukatha, mubwezereni ku desiki yake. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo dziko losauka ngati lathu lilibe anansi ambiri oti lizitaya.